Madoko ndi Mizinda ya m'Chigwa cha Shire

M'dziko lathu la Malawi muli nkhani imene imveka kawirikawiri pa misonkhano ya akuluakulu a Boma, ndiyo yakuti tikamanga mizinda yatsopano dziko lidzalemera, ndipo anthu adzalamulidwa bwino koposa kale. Ati mzinda uitana mafakitale, mafakitale aitana ntchito, ndipo ntchito ipirikitsa umphawi. Mawu amenewa ngokoma m'khutu, ndipo sitinena kuti onse ngonama. Koma ife a kunsi kuno, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, tiri ndi chifukwa chowamvera modekha, pakuti m'chigwa chathu chino mizinda yakhala ikubadwa ndi kufa kwa zaka zoposa 130. Ina inakula popanda munthu woilengeza. Ina inalengezedwa ndi ng'oma ndi mbendera, koma osamera konse. Tsono m'kabuku aka tifuna kulondola mbiri yake, kuti inu awerengi muone chimene chidyetsa mzinda ndi chimene chiupha.

Mtsinje unali msewu

Tiyambe ndi mtsinje, pakuti nkhani yonse itsamira pa uwo. Mtsinje wa Shire, umene makolo a Chimang'anja anautcha Tchiri, utuluka m'Nyanja ya Malawi ku Mangochi. Pakati pa Matope ndi Kapichira ugwa m'mathithi, ndipo pamenepo bwato silingapite. Koma kuyambira pa Kapichira kutsika mpaka kukathira mu Zambezi madzi ake ayenda mofatsa, opanda mathithi.

Azungu asanadze, Amang'anja anali kukhala m'midzi pansi pa mafumu onga Lundu ndi Tengani. Anali kulima thonje naomba nsalu, anali kuphika mchere ndi kusula makasu, ndipo zonsezi anali kusinthanitsa poyenda m'mabwato. Malo amene anasonkhanitsa mitima ya anthu a chigwa chonse anali kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Koma mzinda wa nyumba za njerwa ndi masitolo kunalibe.

M'mwezi wa Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewu pa sitima yaing'ono ya pamadzi yotchedwa Ma Robert, nafika pa mathithi a Kapichira, nabwerera. M'chaka chomwecho anadzanso, nasiya sitima yake pa mudzi wa Chibisa pafupi ndi Chikwawa, napitirira pansi kukaona Nyanja ya Chilwa, ndipo pambuyo pake Nyanja ya Malawi. Iye anakhulupirira kuti mitsinje ya Zambezi ndi Shire idzakhala msewu wolowetsa malonda ndi Uthenga Wabwino m'kati mwa Africa. Ena mwa Makololo amene anayenda naye anatsala konkuno, nasanduka mafumu. Maina onga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima achokera pamenepo.

Amishoni ndi amalonda anatsata mapazi ake. Mu 1875 sitima ya Ilala inaphwasulidwa kunsi kwa mathithi, ndipo amuna mazana ambiri anasenza zidutswa zake pamutu kukazilumikizanso kumtunda. Mu 1878 kunabwera kampani ya John ndi Frederick Moir, imene tonse tiidziwa ndi dzina lakuti Mandala. Sitima zake zinali kukocheza pa Katunga, ndipo kuchokera pamenepo amtengatenga anali kukwera phiri ndi katundu pamutu, ulendo wa makilomita oposa 40, kukatula ku Blantyre. Chotero Katunga ndilo linali doko loyamba la mbiri m'chigwa chino. Mlendo aliyense wopita ku Blantyre, ku Zomba kapena ku nyanja analowera pamenepo.

Chiromo, khomo la dziko

Pamene Angerezi anayamba kuchuluka kumtunda, Apwitikizi nawonso anati dzikoli nlathu. M'mwezi wa Novembala 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Makololo kunsi kwa mtsinje wa Ruo, ndipo pambuyo pake gulu lina linalanda Chiromo. Boma la ku London linakwiya, ndipo m'Januwale 1890 linauza Portugal kuti ichotse asilikali ake msanga. Mlanduwu unatha ndi pangano la mu Juni 1891. Pangano limenelo linalemba malire a dziko lathu, ndipo linanenanso kuti sitima za maiko onse ziziyenda mwaufulu pa Zambezi ndi pa Shire. Angerezi anabwerekanso kachigawo ka malo ku Chinde, pa matsiriro a Zambezi, kuti katundu wochokera ku nyanja ya mchere azitsikira pamenepo osalipira msonkho kwa Apwitikizi.

Chimenechi muchisunge bwino, pakuti tidzachifunanso kutsogolo. Atsamunda aja, ngakhale anali ndi sitima za nkhondo pa mtsinje, sanayambe ndi kumanga doko. Anayamba ndi kumanga pangano ndi eni ake a kunsi kwa mtsinje.

Tsono Chiromo, pamene Ruo athira mu Shire, panasanduka khomo la dziko lonse. Panali nyumba ya msonkho wa katundu wolowa ndi wotuluka, panali positi ofesi, panali Boma la chigawo cha Ruo, panali masitolo a Azungu ndi a Amwenye ndi nyumba zosungiramo khofi, minyanga ndi thonje. Sitima za mapiko akumbuyo zinali kukocheza m'mbali mwa gombe, ndipo anthu a m'midzi anapeza ndalama pogulitsa nkhuni zosonkhera moto wa sitimazo, popalasa ngalawa ndi ponyamula katundu. Munthu woona Chiromo m'zaka zimenezo akadalumbira kuti pano padzakhala mzinda waukulu woposa Blantyre.

Nanga ulamuliro unali wotani? Tinene zoona: Boma latsopanolo linathetsa malonda a akapolo, ndipo anthu anayamba kugona m'nyumba zawo osaopa chifwamba. Koma Boma lomwelo linadza ndi msonkho wa nyumba wa mashiringi 3, ndipo munthu wosowa ndalama anakaupeza pa mtengatenga kapena m'minda ya Azungu. Pa zochitika za m'tauni munthu wakuda analibe mawu. Misewu inaseseredwa, milandu inaweruzidwa pa nthawi yake, koma zonsezo anakonzera eni katundu wopita pa mtsinje, osati eni dziko.

Chimene chinapha Chiromo sichinali nkhondo kapena mliri, koma madzi. Nyanja ya Malawi iri ndi chikhalidwe chake: zaka zina ikwera, zaka zina itsika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inayamba kutsika, ndipo Shire anachepa chaka ndi chaka. Poyamba sitima zinalephera kufika pa Katunga, ndipo doko lija linazirala. Kenaka zinayamba kutitimira mumchenga zisanafike pa Chiromo pomwe. Kuyambira 1915 kufikira 1935 mchenga unatseka pakamwa pa nyanja, ndipo madzi a m'nyanja analeka kutsikira mu Shire. M'chilimwe mtsinje waukuluwo unasanduka kamtsinje.

Port Herald ndi njanji

Azungu a minda ya kumtunda anadandaula kuti mtengatenga uwonongetsa ndalama ndi kuchotsa anthu m'minda, napempha njanji. Ntchito inayamba mu 1903. Poyamba anaganiza zoyambira pa Chiromo kukwera ku Blantyre, koma zitsulo za njanjiyo zinalephera kufika pa Chiromo chifukwa cha kuchepa kwa madzi. Chotero anatsitsa chiyambi chake makilomita pafupi 50 kumwera, pa doko lotchedwa Port Herald, ndilo Nsanje wa lero. Dzinalo linachokera ku sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Herald. Mu 1908 sitima ya pamtunda inayamba kuyenda kuchokera ku Port Herald mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupi 180, ndipo ulemu wa Chiromo unasamukira ku Port Herald.

Koma mtsinje unapitirira kuthawa. Posakhalitsa Port Herald nayenso anakhala doko la miyezi yochepa ya dzinja. Anatalikitsanso njanji makilomita pafupi 98 kukafika ku Chindio pa gombe la Zambezi, ndipo pofika 1915 ntchitoyo inali itatha. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira inafika tsidya lija la Zambezi. M'chaka chomwecho namondwe anaphwanya Chinde, ndipo mu 1923 Angerezi anasiya malo awo aja. Potsiriza, mu 1935, anatsegula mlatho wa Dona Ana, wa makilomita oposa atatu ndi theka, wolumikiza Sena ndi Mutarara. Kuyambira pamenepo tiyi wa ku Mulanje ndi fodya wa ku Limbe anapita ku Beira osakhudza madzi a Shire ngakhale dontho.

Taonani tsono: m'zaka zosakwana 60 khomo la dziko linasamuka kanayi, kuchoka pa Katunga kupita pa Chiromo, kuchoka pa Chiromo kupita ku Port Herald, kuchoka ku Port Herald kupita ku Chindio, ndipo potsiriza ku Beira. Malo aliwonse anakondwa pa nthawi yake, nasiyidwa. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo katundu wongopita pakhomo ndi mlendo ndithu. Atula, amwa madzi, ndipo njira ina ikatseguka saonekanso.

Chimene chinasunga Port Herald kuti asafe monga Katunga chinali Boma, siteshoni ya sitima, ndi thonje. M'zaka zimene madzi anali ochepa, madimba aakulu a m'mbali mwa mtsinje anaonekera, ndipo Amang'anja pamodzi ndi Asena, amene ambiri anaoloka malire pothawa ukali wa Apwitikizi, makamaka pa nkhondo ya Makombe ya mu 1917, analimamo thonje lambiri. Chigwa chino ndicho chinali nkhokwe ya thonje ya Nyasaland. Koma itapita 1935 nyanja inakweranso, madzi anabwerera mwamphamvu, ndipo zithaphwi za Elephant Marsh ndi Ndindi zinakula nkumiza madimba aja. Thonje la ku Port Herald linagwa, ndipo amuna ambiri anamuka ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito. Mu 1948 chigumula chinakokolola mlatho wa njanji pa Chiromo, ndipo panapita zaka ziwiri asanamange wina.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Port Herald linasinthidwa kukhala Nsanje, koma mavuto a njira sanasinthe. Mu 1970 Boma linatsegula njanji yopita ku Nacala, yosadzera kunsi kuno. Nkhondo ya ku Mozambique inaimitsa sitima za ku Beira cha mu 1983, ndipo m'malo mwa katundu kunabwera anthu othawa nkhondo, amene nthawi ina anachuluka koposa eni dziko m'boma la Nsanje. Mu 1997 madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo Nsanje anatsala wopanda sitima ya pamadzi ndi ya pamtunda yomwe.

Nchalo, mzinda umene palibe anaulengeza

Tsono tisiye madoko pang'ono, tikwere ku Chikwawa. Isanafike 1965, pa Nchalo panali midzi wamba ndi tchire. M'chaka chimenecho kampani ya Lonrho inayamba kubzala nzimbe pothirira ndi madzi opopa mu Shire, ndipo mu 1966 fakitale ya Sucoma inayamba kupanga shuga. Mu 1997 kampani ya Illovo inagula ntchitoyo. Minda yake iposa mahekitala 10,000.

Palibe nduna imene inaima pa nsanja kunena kuti pano timanga mzinda. Kampani inafuna shuga basi. Koma nzimbe zifuna odula, othirira, oyendetsa mathirakitala, amakaniko ndi alembi, ndipo anthu zikwi zambiri anatsika kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi kwina kudzagwira ntchito. Munthu wolandira malipiro pa mwezi afuna ufa, nsomba, nsalu, njinga ndi sukulu ya ana ake. Pamenepo amalonda anadza okha osaitanidwa. Msika unakula, masitolo ndi mabanki anatsegulidwa, chipatala cha St Montfort chinatumikira anthu, ndipo lero aliyense woyenda pa msewu wa M1 aona yekha kuti pa Nchalo pali piringupiringu woposa wa pa Boma la Chikwawa.

Kusiyana kwa Nchalo ndi Chiromo nkumeneku. Chuma cha Chiromo chinali kudzera pa mtsinje kuchokera kwina kupita kwina. Chuma cha Nchalo chimera m'nthaka ya pompo. Njanji ya ku Beira itatsekedwa, shuga anangosintha njira, nakwera malole. Ngakhale tauni ya Ngabu, imene inakula Boma litaikapo likulu la ntchito yotukula ulimi wa thonje kuyambira 1968, yaima chifukwa cha thonje ndi ng'ombe za anthu a komweko.

Komatu tisamachemerere chikomekome cha nkhuyu tisanaing'ambe. Minda ya nzimbe ija inakhala pa malo amene anthu anali kulimapo ndi kudyetsapo ziweto, ndipo midzi ina inasunthidwa. Kufikira lero njala ya malo ndi nkhani yowawa m'dera limenelo. Ndiponso pa Nchalo pali mizinda iwiri. M'kati mwa malo a kampani muli nyumba za m'mizere, madzi a m'mipope, zipatala zazing'ono ndi misewu yosamalidwa. Koma wolamula mmenemo ndi kampani, ndipo munthu akachotsedwa ntchito, nyumba nayo yatha. Kunja kwake kuli tauni yomera yokha monga bowa, nyumba zothithikana, ngalande zosakwanira, zinyalala za pa msika zodikira khonsolo ya ku Chikwawa. Kwina kuli dongosolo lopanda mawu a anthu. Kwina kuli anthu ambiri opanda dongosolo. Amene anena kuti mzinda wa kampani ndiwo mankhwala a ulamuliro woipa ayenera kuyenda mbali zonse ziwiri za Nchalo asanatsirize mawu awo.

Pali njira ina imene yayesedwa pafupi pomwepo. Alimi a ku Kasinthula, ndipo pambuyo pake a ku Phata kuyambira 2011, anaphatikiza minda yawo nkulima nzimbe pamodzi, nagulitsa ku fakitale ya pa Nchalo. Ku Kasinthula ngongole inawalemera zaka zambiri. Ku Phata zinthu zinayenda bwinopo, ndipo chachikulu nchakuti munda ukhalabe wa mwini wake, ndipo iye ali ndi mawu pa msonkhano wa kopaletivu.

Mzinda wa pa nsanja

Wina angafunse kuti, kodi Boma silingamange mzinda mwa kungolamula? Lingathe, ndipo umboni wake ndi Lilongwe. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsimikiza kuchotsa likulu ku Zomba. Angerezi anakana kupereka ndalama, koma South Africa inakongoza mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Pa kalembera wa 2018 anthu ake anali pafupi 1,000,000. Koma tiyang'anitsitse chimene chinadyetsa Lilongwe. Boma linasamutsirako maunduna ake ndi antchito ake olandira malipiro mwezi ndi mwezi, akazembe a maiko ena anatsata, ndipo mzindawo unakhala pakati pa chigwa cha chonde cha fodya, chimanga ndi mtedza. Chakudya cha mzindawo chinali m'manja mwa amene anaulamula kuti ukhalepo.

Ku Nsanje sikunali chomwecho. Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene analowa m'Boma mu 2004, anaona kuti dziko lathu liwononga ndalama zambiri potenga katundu pa malole kuchokera ku madoko akutali onga Durban ndi Dar es Salaam. Mtengo wa feteleza, wa mafuta ndi wa mchere womwe ukwera chifukwa cha ulendowo. Iye anati tibwerere ku mtsinje: kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chinde ndi makilomita 238 okha. Ananenanso kuti Nsanje adzasanduka mzinda waukulu wa mafakitale, mahotela ndi bwalo la ndege. Ganizo lochepetsa mtengo wa ulendo linali lanzeru, ndipo anthu a kuno, amene anazolowera kuiwalidwa, analilandira ndi manja awiri. Anthu a ndalama a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anathamangira kudzagula malo, ndipo mitengo ya malo inakwera.

Mu 2007 Malawi, Mozambique ndi Zambia anasaina chikalata chogwirizana kuti ayambe afufuza ngati njirayo ingatheke. Koma kafukufukuyo asanachitike, Boma lathu linapatsa kampani ya Mota-Engil ntchito yomanga doko, ya ndalama pafupi madola 20 miliyoni a ku America. Pa 23 Okutobala 2010 panachitika mwambo wotsegulira. Robert Mugabe wa ku Zimbabwe anabwera, Rupiah Banda wa ku Zambia anabwera, koma Armando Guebuza wa ku Mozambique, mwini wake wa mtsinje wa kunsi, sanabwere. Anthu zikwizikwi anaima pa dzuwa la ku Nsanje, lija lopsereza la m'Okutobala, kuyembekeza chombo chonyamula feteleza chimene chinayenera kukocheza tsiku limenelo. Chombocho sichinafike. Akuluakulu a ku Mozambique anachigwira pa Marromeu, nati chinalowa m'madzi awo popanda chilolezo, ndipo palibe chombo chidzapita kufikira kafukufuku atatha.

Kumbukirani tsopano za 1891 zija. Amene anali ndi mfuti anayamba ndi pangano, natsiriza ndi doko. Ife amene tinalibe mphamvu ina koma ubale tinayamba ndi doko, pangano lisanapse. Mbali yaikulu ya ulendo wa ku Chinde iri m'dziko la Mozambique, ndipo dzikolo liri ndi madoko ake a Beira ndi Nacala ndi njanji zake, zimene lifuna kuti katundu wathu azidzera. Nanga likadafulumira bwanji kutitsegulira njira yopikisana ndi malonda ake omwe?

Palinso china chimene anthu ambiri sachikumbukira. Makhansala osankhidwa ndi anthu anachotsedwa mu 2005, ndipo chisankho china cha makhansala sichinachitike kufikira 2014. Ndiye kuti m'zaka zonse zimene mzinda wa Nsanje unali kukonzedwa ndi kulengezedwa, panalibe khansala ngakhale mmodzi woti aimirire m'khonsolo nkufunsa m'malo mwa anthu kuti, kodi madzi akwanira m'chilimwe? Kodi anzathu a tsidya avomera? Kodi malo a anthu agawidwa motani? Mzinda umene unalonjeza kukonza dziko unabadwa pa nthawi imene ulamuliro wa m'maboma unali wosalankhula.

Bingu wa Mutharika anamwalira m'Epulo 2012, ndipo ntchitoyo inazizira. Kafukufuku uja anachitika ndi ndalama za African Development Bank, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Zinaonetsa kuti chombo chingathe kuyenda, koma pafunika kukumba mchenga ndi kuchotsa namasupuni chaka ndi chaka pa mtengo waukulu. Mozambique inati ntchitoyo njopanda phindu, ndipo inakana kupitirira nayo. Mchenga womwe uja unagonjetsa sitima za Mandala ndiwo unagonjetsanso doko la 2010. Khoma lake la simenti linatsala chiimire, zitsulo zina zinabedwa, ndipo asodzi ndiwo anapezapo pomangirira mabwato awo.

Tsopano akunena za Bangula

Nkhaniyi sinathe. M'Januwale 2021 Boma linakhazikitsa masomphenya otchedwa Malawi 2063, ndipo mwa mizati yake itatu umodzi ndiwo kukuza mizinda. Bungwe la National Planning Commission linasankha malo 8 oti akhale mizinda yachiwiri, yothandiza Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Malowo ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza, ndi Bangula wathu wa kunsi kuno.

Kodi Bangula adzatsata Nchalo kapena adzatsata Chiromo, amene ali tsidya lina la mtsinje moyang'anana naye? Ine ndiona kuti yankho lagona m'ngalande koposa m'mapu a misewu. Ganizo lothirira chigwa chonse nlakale: mu 1954 akatswiri a kampani ya Sir William Halcrow analemba za ilo, koma ndalama zinasowa, ndipo chimene chinatsalapo ndi chotchinga madzi cha ku Liwonde cha mu 1965. Mu 2018 ganizolo linaukanso ndi dzina lakuti Shire Valley Transformation Programme, ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Cholinga chake ndi kupatutsa madzi pa Kapichira ndi kuwatsitsa m'ngalande yaikulu, oyenda okha opanda makina opopa, kulowera ku Bangula, kuti athirire mahekitala 43,370. Alimi ayenera kulembetsa minda yawo potsata lamulo la malo a makolo la 2016, ndi kuiphatikiza m'makopaletivu monga anachitira a ku Phata. Ngati madziwo afika, ndipo ngati minda ikhalabe m'manja mwa eni ake, pa Bangula padzakhala mpunga, nzimbe, thonje ndi nyemba zofuna chigayo, nkhokwe ndi fakitale, ndipo mzinda udzakhala ndi chodya chake. Ngati safika, mapu a mzindawo adzagona m'kabati limodzi ndi a Nsanje.

Ndipo mtsinje sunaleke kutikumbutsa kuti ulipo. Chigumula cha m'Januwale 2015 chinapha anthu ambiri nkusintha njira ya Ruo, ndipo Makhanga anamira. Namondwe Idai anadza mu 2019. Namondwe Ana, m'Januwale 2022, anagumula damu la Kapichira, nazimitsa makina a magetsi a pamenepo kwa miyezi yoposa 12, nawononganso pakamwa pa ngalande yatsopano ija, kotero kuti ntchito inachedwa. Freddy anatsatira m'Malichi 2023. Pa zigumula zotere anthu a m'midzi ya m'madambo athawira ku Bangula nakhala m'misasa. Chifukwa chake omanga mzinda wa Bangula ayenera kuyamba ndi funso limene omanga Chiromo sanafunse: madzi akakwera afika pati, ndipo akatsika atsala pati? Pa funso limenelo nkhalamba za m'midzi ya Mlolo ndi Mbenje zidziwa zambiri, ndipo makhansala amene anabwerera mu 2014 ali ndi udindo woonetsetsa kuti zafunsidwa.

Za njanji nazo zayamba kusuntha. Mozambique inakonza mlatho wa Dona Ana ndi njanji ya Sena, ndipo mu 2022 Boma lathu linayamba kukonza makilomita 72 a pakati pa Marka, pa malire, ndi Bangula. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta ochokera ku Beira inafika pa Marka, yoyamba patapita zaka 41. Nthawi ino anzathu a tsidya anali nawo m'ntchitoyo kuyambira pachiyambi. Koma m'chaka chomwecho cha 2024 malo aja anaduka mu 1997, amene anthu awatcha Mtayamoyo, anali asanalumikizidwe, ndipo anthu a ku Makhanga, ku Muona ndi ku Chiromo anali kuolokabe pa bwato, njinga ndi matumba a mpunga m'kati, kuti akafike ku msika wa pa Bangula.